Akatswiri a maphunziro a za ku Ulaya sakhala ku Brussels kokha

Zikomo alembi chifukwa cha nkhani yanuyi, komabe sindikugwirizana nanu pamene mukunena kuti akatswiriwa amangofufuza malamulo ndi mabungwe a mgwirizano wa European Union, umene likulu lake lili ku Brussels, basi. Taganizirani za Pulofesa Timothy Garton Ash wa ku yunivesite ya Oxford, amene ali wophunzira anakakhala ku East Berlin, likulu la dziko lakale la East Germany, m'chaka cha 1980, apolisi achinsinsi a dzikolo otchedwa Stasi akumulondalonda, ndipo chaka chomwecho anakaona ndi maso ake sitalaka ya ogwira ntchito mumzinda wa Gdańsk ku Poland. Ukatswiri wake unakula chifukwa chokhala pakati pa anthu ndi kumva zilankhulo zawo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi gwero la ndalama. Kuyambira 1989, pulogalamu ya European Union yotchedwa Jean Monnet yakhala ikuthandiza aphunzitsi amene amaphunzitsa za mgwirizanowu, ndipo ngakhale thandizoli n'lofunika, wofufuza wachinyamata amene ali pa kontirakiti ya zaka ziwiri zokha sangachedwe kusankha mutu umene uli ndi ndalama, n'kusiya mbiri ya mayiko monga Moldova kapena Albania ilibe woifufuza mokwanira. Mukadzalembanso, chonde mudzafunse achinyamatawa mmene amasankhira mitu yawo.