Pakamwa panu mpomwe pakupha anthu

Abale inu ndapsa mtima lero. Mu minibasi yochokera ku Limbe kulowa m'tauni munakwera mayi wina atavala tisheti ya bungwe lina lija limayendera anthu omwe ali ndi kachilombo m'makwalalamu, katoni ya makondomu pamiyendo, kope lawo m'manja. Atangotsika pa Queens kondakitala amvekere "awa ndi a maunitsi awa, akukaonjezera", minibasi yonse chikhakhali, ndi azibambo a mataye omwe. Ine ndinangoti kukamwa yasaa.

Mukuseka chani? Mayiyo kaya ali nako kaya alibe zikukukhudzani pati? Ndi anthu ngati amenewa amayenda wapansi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mbayani dzuwa lili pamutu kusaka munthu amene wasiya kumwa mankhwala kuti abwerere kuchipatala, inu ntchito yanu kungoti khakhakha.

Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere 2004, pano ambiri akumwa kapilitsi kamodzi patsiku basi, munthu kunenepa, kugwira ntchito, kubereka mwana wopanda kachilombo. Ndiye chikupha anthu nchani? Pakamwa panu. Munthu wa ku Chilomoni kumakwera ulendo mpaka ku Chiradzulu kukatenga mankhwala kuopa kuti aneba amuona pamzere, tsiku lomwe transipoti yasowa ndiye kuti wadumphitsa. Wina kumachotsa mapilitsi m'botolo nkuika m'kapepala ka shuga kuti asamachite phokoso m'chikwama. Wina mpaka kufa osayezetsa. Si kachilombo kameneko ayi, ndi malilime anu. Kaya ndi umbuli kaya mantha, zanu izo.

Ndipo amene mumaseka kwambirinu ndi amene simunapiteko koyezetsa ngakhale kamodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo la HIV la 2018 lija limaletsa kusala munthu komanso kuulula za momwe alili m'thupi iye asanalole, koma aaa kuno timangoziona ngati nthabwala za mu minibasi.

Nanunso amabungwe musamve ngati ndakusiyani. Thandizo la ku America litagwedezeka mu January 2025 mavolontiya ngati amenewa anauzidwa kuti ndalama kulibe, koma mawekishopu a kunyanja sitinamve kuti atha. Mayi aja nsapato yawo inali yosokedwa ndi waya, ndinaiona ndi maso angawa.