Lekani kunena kuti Ulver inasochera

Usiku wa dzulo, m'gulu lathu la pa WhatsApp la okonda nyimbo za metal, mnyamata wina analemba mosaphethira kuti gulu loimba la Ulver la ku Norway linatha mu 1997, ndipo kuti zonse zimene lakhala likutulutsa kuchokera chaka chimenecho ndi zinyalala za anthu amene anathawa chamba chawo potsata ndalama. Anthu ena anavomereza msangamsanga ngati kuti wanena zanzeru. Ine ndinapsa mtima, ndipo mtimawo sunaphwe mpaka pano, chifukwa mawu amenewa amalankhulidwa ndi munthu amene sanakhalepo pansi n'kumvetsera zimbale za gululi motsatana.

Abale anga, Ulver sinasocherepo, chifukwa inalibe njira imodzi yoti n'kuisiya. Gululi linayamba ku Oslo mu 1993, mtsogoleri wake Kristoffer Rygg akadali mnyamata wosakwana zaka 20. Chimbale chawo choyamba, Bergtatt, chinatuluka mu 1995, ndipo ngakhale chimawerengedwa m'chamba cha black metal, chomwe ndi metal yaukali ya magitala aphokoso ndi mawu okuwa, mkati mwake muli kale magitala osagwiritsa ntchito magetsi, chitoliro komanso mawu oimbidwa mofatsa, zonsezo zikufotokoza nthano yakale ya mtsikana wotengedwa kupita m'phiri ndi zolengedwa za pansi pa nthaka. Chaka chotsatira anatulutsa Kveldssanger, chimbale chimene mulibe gitala ya magetsi ngakhale imodzi, mulibenso kukuwa kulikonse, koma magitala ofewa ndi mawu ogwirizana ngati a kwaya. Chimenecho chinali chimbale chachiwiri chokha. Tsono munthu akaima pagulu n'kunena kuti anyamatawa anasiya metal atakula, ndiuzeni, mu 1996 muja anali atakula liti?

Chimbale chimene mnyamata uja amachilambira ndi Nattens madrigal cha mu 1997, ndipo sindikukana kuti n'chaukali. Magitala ake amalira mwaphokoso lokanda m'makutu, ng'oma zimathamanga osapuma, ndipo kajambulidwe kake anakaipitsa dala kotero kuti munthu wosazolowera amayamba wayang'ana ngati sipika yake yang'ambika. Koma chimbale chimenecho ndi chimodzi mwa zitatu zosiyana kotheratu zimene anatulutsa m'zaka zitatu. Kusankha chimodzicho n'kunena kuti ameneyu ndiye Ulver weniweni, zinazo n'zachinyengo, ndi ulesi wa makutu basi.

Nkhani ya ndalamayo ndiyo imandinyansa koposa. Nattens madrigal chinatuluka kudzera ku Century Media, kampani yodziwika bwino pa nyimbo za metal, ndipo akanakhala anthu adyera akanangobwereza phokoso lomwelo chaka ndi chaka, ogula analipo kale. M'malomwake Rygg anayambitsa kampani yakeyake yaing'ono, Jester Records, ndipo mu 1998 gululi linatulutsa chimbale cha ma CD awiri chimene linaimbamo mawu a William Blake, mlakatuli wa ku England amene anamwalira mu 1827, mosakaniza magitala olemera ndi zida za pa kompyuta. Kodi munthu wofuna kulemera msanga amatenga zolemba za mlakatuli wakalekale n'kuziimba kwa nthawi yopitirira ola limodzi ndi theka? Adyera timawadziwa, sachita choncho. Zifukwa za kusinthako zilipo, monga kubwera kwa Tore Ylwizaker amene ankadziwa bwino za situdiyo ndi makina, koma zimenezo sizisintha mfundo yanga.

Mfundo yanga ndi yakuti kusintha ndiwo unali mwambo wawo kuyambira pachiyambi. Mu 2000 anatulutsa Perdition City, momwe muli saxophone ndi ng'oma za makina, nyimbo zomveka ngati za mu filimu ya mumzinda usiku. Kenaka anapekadi nyimbo za mafilimu. Mu 2007 kunabwera Shadows of the Sun, chimbale chachete ndi chachisoni, ndipo amene amati Ulver inaiwala kumene inachokera aziyamba amvetsera mmene anaimbiranso nyimbo ya gulu la ku England la Black Sabbath yotchedwa Solitude m'chimbale chomwecho, pakuti metal yonse inaphukira kwa Black Sabbath. Atakhala zaka zambirimbiri osaimba pamaso pa anthu, anakaonekera mu 2009 ku Lillehammer ku Norway komweko, pa chikondwerero cha zolembalemba osati cha metal. Mu 2013 anatulutsa chimbale chimene anajambula ndi gulu la oimba zeze za azungu la ku Tromsø, mu 2014 anatulutsa chimbale limodzi ndi gulu la metal la ku America lotchedwa Sunn O))), ndipo mu 2017, m'chimbale cha The Assassination of Julius Caesar, anafika pa nyimbo zoti munthu akhoza kuvina. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Inu mukufuna ng'ona ya zaka zoposa 30 izikhalabe m'chithaphwi cha 1997 chifukwa choti inuyo ndi mmene munaipeza.

Sindikukakamiza aliyense kukonda zonse. Ineyo chimbale chawo cha mu 2012, chimene anangobwereza nyimbo za magulu ena a m'zaka za m'ma 1960, sichindigwira mtima kwenikweni, ndipo ndimanena poyera. Kusakonda chimbale ndi ufulu wa munthu aliyense. Koma kusakonda ndi kwina, kunamizira anthu kuti anapereka luso lawo chifukwa cha ndalama ndi kwinanso, ndipo chachiwirichi chimafuna umboni umene mnyamata uja alibe. Anthu amene sanalonjezepo kuti adzaimba chamba chimodzi moyo wawo wonse simungawaimbe mlandu wophwanya lonjezo. Lonjezolo munadzipangira nokha m'mutu mwanu, ndiye mukukwiyira anthu a ku Oslo amene sakudziwani n'komwe.

Ndipo popeza ndayamba kale, ndinenenso za khalidwe lina limene lafala m'gulu mwathumu. Munthu amatumiza nyimbo imodzi yopanda dzina la chimbale, yopanda chaka, wina n'kuimvetsera theka la mphindi pa kasipika ka foni ali m'minibasi, kenaka n'kulemba chigamulo chake ngati woweruza milandu. Nyimbo za mu Shadows of the Sun mawu ake ambiri ndi apansipansi, ndipo kasipika ka foni sikawatulutsa n'komwe, choncho chimene mwamvacho si nyimboyo ayi. Ngati mulibe mahedifoni, bwerekani kwa mnzanu musanalembe chilichonse m'gulu.