Zaka zitatu za wophunzira uodita: njira ya kwathu ndi njira za anansi athu

Pa 31 Disembala, pamene anthu ambiri amakhala akukonzekera kulowa chaka chatsopano, wophunzira ntchito ya uodita, yofufuza mabuku a zachuma a makampani, amakhala ali m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina, akuwerenga matumba. Ine tsiku limenelo linandipeza ku Kanengo, m'chaka changa choyamba, nditaima patsogolo pa mulu wa feteleza umene mkulu woyang'anira katundu anati unali ndi matumba 3,000, ndiye kuti matumba 20 m'litali, 10 m'lifupi ndi 15 kukwera m'mwamba. Masamuwo ankagwirizana ndi zimene zinali m'mabuku, koma siniya wanga anali atandilangiza kuti mulu suwerengedwa uli pansi, choncho ndinabwereka makwerero. Pamwamba ndinapeza kuti pakati pa muluwo panali dzenje loti munthu n'kuimamo osaoneka. Mkuluyo, amene anali wa msinkhu wa bambo anga, anangoti, "Bwana odita, amene anabwera chaka chatha sanakwere ayi."

Nditafotokozera nkhaniyi anzanga amene anaphunzira ntchitoyi ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg, aliyense anali ndi mulu wake woti asimbe. Ntchito yeniyeniyo ndi imodzi m'maiko onsewa, chifukwa tonse timatsatira miyezo yapadziko lonse ya ISA pofufuza mabuku, ndiponso ya IFRS poona mmene malipoti a zachuma alembedwera. Kulikonse wophunzira amayamba ndi kufananitsa ma invoisi ndi zimene zinalembedwa m'mabuku, kulembera mabanki kuti atsimikize ndalama zimene kampani ikuti ili nazo, ndi kuyankha mafunso amene manejala walemba pa fayilo. Chosiyana ndi ichi: kodi ndani amene amawerengera wophunzirayo zaka zake, ndipo ndani amasenza mtolo wa mayeso?

Ku South Africa njira ndi yolambulidwa kuyambira pachiyambi. Wofuna kukhala CA(SA), kutanthauza akauntanti wovomerezeka wa m'dzikomo, amayamba watenga digiri yovomerezedwa ndi bungwe lawo la maakauntanti la SAICA, kenako amawonjezera chaka china cha maphunziro chimene anthu ambiri amachitchulabe kuti CTA, ndipo akatero m'pamene amasaina mgwirizano wa zaka zitatu ndi ofesi yovomerezeka kuphunzitsa. Mgwirizanowo umalembetsedwa ku SAICA, ofesiyo imakhala ndi mkulu amene udindo wake ndi kuyankha za ophunzira, ndipo luso lililonse limene wophunzira wapeza limalembedwa ndi kuunikidwa nthawi ndi nthawi. Mayeso akuluakulu otsala amakhala awiri okha, oyamba amene kale ankatchedwa ITC ndi omaliza otchedwa APC. Ngakhale akhoze zonsezi saloledwa kusaina lipoti la odita, pakuti chilolezo chimenecho chili m'manja mwa bungwe lina, IRBA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2005 ndipo limafuna miyezi ina yosachepera 18 ya kuphunzira pansi pa odita wolembetsedwa.

Ubwino wa dongosolo limeneli ndi woonekeratu, chifukwa bwana sangamusunge mwana pa ntchito ya fotokope chaka chathunthu popanda wina kufunsa. Koma khomo lake ndi lopapatiza. Zaka zinayi za ku yunivesite zimafuna ndalama munthu asanalandireko malipiro alionse, chaka cha CTA chimagwetsa ambiri, ndipo n'chifukwa chake SAICA inayambitsa thumba la Thuthuka lothandiza ophunzira ochokera m'magulu amene tsankho linawatsekera kunja kwa ntchitoyi.

Kwathu khomo ndi lotakasuka koma njira yake ndi yayitali. Lamulo la 2013 linakhazikitsa ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi, pophatikiza ntchito za SOCAM, bungwe lakale la maakauntanti, ndi za PAEC, limene linkalembetsa mayeso, ndipo linasiya udindo woyang'anira ntchito yonse m'manja mwa Malawi Accountants Board (MAB). Munthu akhoza kulowa ndi digiri ya ku MUBAS, imene tinkaidziwa kuti Polytechnic, akhozanso kuyamba ndi satifiketi ndi dipuloma ya ICAM ku Malawi College of Accountancy n'kumakwera pang'onopang'ono. Ndaonapo anthu amene anayamba ngati makalaliki olemba ma vaucha akufika pa umanejala, zimene ku Johannesburg n'zosowa. Mtengo wake ndi wakuti ambiri amalowa ntchito akadali ndi mapepala a mayeso ochuluka oti alembe, kaya a ICAM kaya a ACCA, bungwe la maakauntanti la ku Britain, motero ntchito ndi sukulu zimayendera limodzi.

Aliyense amene anadutsamo akudziwa tanthauzo la zimenezi. Makampani ambiri, kuphatikizapo mabanki, amatseka mabuku mu Disembala, choncho kuyambira Januwale mpaka Marichi timachoka kwa kasitomala usiku, magetsi akazima n'kumapitiriza ndi batire ya laputopu, pamene mayeso a ACCA a mwezi wa Marichi ali pakhomo. ACCA imafuna mapepala 13 kwa amene sanachotseredwe ena, ndiponso miyezi 36 ya ntchito imene woyang'anira ayenera kusainira. Pa ofesi imene ndinaphunzira, kusainako kunkasiyidwa mpaka kumapeto, ndipo ndinathamangira siginecha ya munthu amene anali atasiya kale ntchito. Ndiye pali nkhani ya mapaundi. Malipiro a mayeso a ACCA amawerengedwa m'ndalama ya ku Britain, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wophunzira amene ofesi yake simulipirira anadzuka m'mawa pepala limodzi litamukwerera mtengo malipiro ake a pamwezi ali pomwepo. Mayeso a ICAM amalipiridwa m'makwacha, ndipo pa chifukwa chokhachi sindimvetsa anthu amene amawaderera.

Zambia ili pakatikati. Kumeneko bungwe limodzi, ZICA, ndilo limaphunzitsa, kulembetsa ndi kulanga, ndipo lamulo la 2008 limafuna kuti aliyense wogwira ntchito ya akauntanti akhale wolembetsedwa. Maphunziro awo a CA Zambia ali ndi magawo atatu a mayeso ndiponso zaka zitatu za ntchito pansi pa mlangizi, ndipo ku sukulu ya ZCAS mu Lusaka mumapezeka olemba ZICA ndi olemba ACCA monga zimakhalira kwathu. Kuika zonse m'manja mwa bungwe limodzi kumafewetsa moyo wa wophunzira, popeza amadziwa khomo loti agogode, koma ine ndimakonda kuti wopereka satifiketi asakhalenso woweruza, monga zilili pakati pa ICAM ndi MAB kapena pakati pa SAICA ndi IRBA.

Zimbabwe, kumene bungwe la maakauntanti la ICAZ linakhazikitsidwa mu 1918, imatsatira kwambiri njira ya ku South Africa, ndi CTA yake ndi mayeso awiri aja. Ophunzira a ku Harare ali ndi sukulu ina imene sanaipemphe: mu 2019 anayamba kufufuza mabuku okonzedwa motsatira IAS 29, muyezo wa maiko amene mitengo ikukwera mopanda malire, ndipo mu Epulo 2024 anaonanso ndalama ikusinthidwa kukhala ZiG.

Ndikadapatsidwa mwayi wobwereka chinthu chimodzi kwa anansi athu, sindikadabwereka CTA, chifukwa ikadatsekera kunja mwana wa ku Ntchisi amene alibe womulipirira zaka zinayi. Ndikadabwereka kaundula uja wa luso wa ku South Africa, wounikidwa pa nthawi yake ndi munthu amene akhoza kufunsidwa akalephera, pamodzi ndi masiku a tchuthi cha mayeso olembedwa mu mgwirizano osati odalira mtima wa patinala, mmodzi wa eni ofesi. Eni maofesi ena amayankha kuti sangawononge zambiri pa anthu amene akangomaliza mapepala amapita ku Britain kapena ku Johannesburg, ndipo n'zoona kuti amapitadi. Mwa anthu asanu ndi mmodzi amene tinayamba limodzi, awiri okha ndife tatsala kuno, ndipo mnzangayo ndi amene chaka chino akutumiza ophunzira atsopano ku Kanengo pa 31 Disembala.