Mawu otchulira amuna: mkangano wa ku South Africa, wa ku Zambia ndi wa kuno kwathu

Pa misonkhano yokamba za nkhanza za m'banja, makamaka yochitikira m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pamamveka kawirikawiri mawu a Chingerezi akuti "toxic masculinity". Mawuwa anabadwira ku America m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, m'magulu a amuna eni ake amene ankafuna kusiyanitsa chamuna chomanga ndi chamuna chowononga, koma atafika kuno anapeza kuti m'Chichewa alibe pokhala. Womasulira sangatchule liwu loti "umuna" pamaso pa mafumu ndi apongozi, popeza tonse tikudziwa kuti limatanthauza chinthu china, ndipo akayesa kunena kuti "uchamuna wa poizoni", abambo ena amaseka, ena amayamba kuyang'ana kukhomo. Ndiye pali mbali ziwiri. Ena akuti mawu oterewa asinthidwe chifukwa amaweruza mwamuna aliyense mlandu usanazengedwe, pomwe ena, makamaka amayi amene amalandira anthu omenyedwa tsiku ndi tsiku, akuti kudandaula za mawu ndi njira yozembera nkhani yeniyeni. Mayiko a kuchigawo chino cha Africa sanauyendetse mofanana mkanganowu, ndipo kusiyana kwawoko kukutiunikira zina zimene sitimaziona tikamangoyang'ana kwathu kokha.

Ku South Africa ndi kumene moto unayaka kwambiri. Mu April 2017 mtsikana wa zaka 22, Karabo Mokoena, anaphedwa ndi chibwenzi chake ku Johannesburg, ndipo mtembo wake unapezeka utatenthedwa. Amayi zikwizikwi analemba pa Twitter ndi pa Facebook mawu akuti "Men are trash", kutanthauza kuti amuna ndi zinyalala, ndipo pansi pa mawuwo ankafotokoza zimene iwo eni anakumana nazo m'nyumba, m'maminibasi ndi kuntchito. Amuna anagawikana pawiri. Ena anayankha kuti si amuna onse amene amachita zimenezo, ndipo anathera mphamvu zawo pa kuteteza dzina lawo; ena anaguba mumzinda wa Pretoria mwezi wotsatira, pansi pa mbendera ya "Not In My Name", kusonyeza kuti akukana kuti nkhanzazo zizichitika m'dzina lawo. Wopha Karabo anagamulidwa zaka 32 m'ndende mu 2018. Chaka chotsatira Uyinene Mrwetyana, wophunzira pa yunivesite ya Cape Town, anaphedwa mkati mwa positi ofesi ndi munthu wogwira ntchito momwemo, ndipo pofika 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anatchula nkhanza zochitira amayi kuti ndi mliri wachiwiri, pambali pa Covid-19.

Sindingakane kuti mawu owawa aja akuti "Men are trash" anagwira ntchito, chifukwa anagwedeza dziko limene linali litazolowera kuwerenga za imfa za amayi ngati nkhani ya nyengo. Koma chimene chimandichititsa chidwi ndi mmene malamulo a dzikolo amaonera mawu opweteka. Lamulo lawo la m'chaka cha 2000 lolimbikitsa kusasiyanitsa anthu linkaletsa mawu achidani, ndipo pakati pa zoletsedwazo panali mawu ongopweteka mtima. Mu 2021, pa mlandu wa mtolankhani Jon Qwelane, amene mu 2008 analemba nkhani yonyoza amuna kapena akazi okhaokha okondana, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti zimene iye analemba zinalidi mawu achidani, koma linachotsa m'lamulomo liwu lonena za kupweteka mtima kokha, ponena kuti ndi losamveka bwino ndipo likhoza kutseka anthu pakamwa mopyola muyeso. Choncho mwamuna wa ku South Africa amene zamuwawa kutchedwa chinyalala ali ndi ufulu woyankha, koma kuwawidwa kwake pakokha sikokwanira kuti boma liletse mawuwo.

Komabe mawu amene avulaza amuna ambiri m'dzikolo sali m'Chingerezi ayi. Pakati pa Axhosa a ku Eastern Cape, mwamuna amene sanapite kuchinamwali cha kutchire amatchedwa inkwenkwe, kutanthauza mnyamata, ngakhale atamera imvi, ndipo pa zochitika za pamudzi sakhala pamodzi ndi amuna anzake. Amene anakadulidwa kuchipatala, kapena amene anathawira kuchipatala bala lake litayamba kuvuta, amatchedwa ilulwane, ndiko kuti mleme, kanyama kamene sikadziwika ngati ndi mbalame kapena mbewa. Nyengo iliyonse ya chinamwali, pakati pa chaka ndi kumapeto kwa chaka, manyuzipepala amalengeza imfa za anyamata amene anamwalira ndi mabala owola kapena kusowa madzi m'thupi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anyamatawa amachedwera kupita kwa dokotala ndi mantha a dzina limenelo. Boma linakhazikitsa lamulo loyendetsera zinamwali mu 2021, loletsa kulowetsa mwana wosakwana zaka 16 ndi lolamula kuti misasa izilembetsedwa, koma palibe lamulo limene lingachotse liwu loti ilulwane m'kamwa mwa anyamata a pamudzi. Apa ndi pamene ndimaona kuti mkangano wa pa intaneti unasiya njovu ndi kuthamangitsa kalulu: dzina limene amayi okwiya anatcha amuna linakambidwa dziko lonse, pamene dzina limene amuna amatchana okhaokha, ndipo likupha ana awo, limakambidwa monong'ona.

Ku Zambia zinthu zayenda mwakachetechete, ndipo chala chaloza kwambiri miyambi kusiyana ndi mayina achipongwe. Pali mwambi wa Chibemba woti "ubuchende bwa mwaume tabutoba ing'anda", kutanthauza kuti chigololo cha mwamuna sichiphwasula banja, ndipo olimbana ndi Edzi komanso nkhanza akhala akuutchula kwa zaka zambiri ngati chitsanzo cha chiphunzitso choyenera kusiyidwa. Amayi a kumeneko amatcha ukwati "shipikisha club", gulu la opirira, zomwe sizikusiyana ndi malangizo athu aja oti banja ndi kupirira. Dzikolo linakhazikitsa lamulo lothana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi mu 2011, ndipo mu 2016 linatsegula makhoti ozenga msanga milandu yotereyi, kuyambira ku Kabwe ndi ku Lusaka. Pa nkhani ya mawu, njira yawo yakhala yodzera kwa alangizi a zaukwati ndi kwa mafumu, kuti chimene mkwati ndi mkwatibwi amauzidwa usiku wa malangizo chisinthe. Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo ili ndi vuto lakuti sikhumudwitsa aliyense, moti mwamuna wankhanza akhoza kuvomera zonse pamsonkhano wa mfumu, n'kukapitiriza khalidwe lake kunyumba madzulo omwewo. Ubwino wake ndi woti imakambidwa m'chinenero chimene mwini nkhani amalota nacho. Kwa ife zimenezi si zachilendo, popeza Achewa a ku Katete, a ku Mchinji ndi a ku Tete amakumana pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pansi pa Kalonga Gawa Undi, ndipo miyambi imene amalerera anyamata awo ndi imodzimodzi.

Ku Zimbabwe nako bungwe la amuna lolimbikitsa kusasiyanitsa amuna ndi akazi, limene linayamba m'zaka za m'ma 1990, linasankha dzina loti Padare, ndiko kunena kuti pabwalo, pamene amuna amakhala ndi kuweruza nkhani. Dzina lokhalo limauza mwamuna kuti waitanidwa kudzakamba nawo mlandu, osati kudzangomva chigamulo.

Kuno kwathu, ndikaunguza bwino, mawu owononga kwambiri si onyoza mwamuna koma omutamanda. Timati tonde azinunkha, timati mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, ndipo mnyamata wa zaka 5 akagwa n'kuyamba kusisima timamuuza kuti mwamuna salira. Palibe bambo amene amakwiya akamva mawu amenewa, chifukwa amamveka ngati ulemu, komatu ndi omwewa amene amamupatsa chilolezo chokhala ndi zibwenzi zamseri ndi kumuletsa kuuza mnzake kuti ngongole yamufika m'khosi. Malipoti a apolisi a zaka zapitazi akhala akusonyeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno ochuluka kwambiri ndi amuna, ndipo zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja. Munthu amene anaphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono kuti misozi ndi ya akazi sapita kwa ankhoswe kukanena kuti walephera.

Mayina achipongwe tilinawonso, ndipo amagwira ntchito yofanana ndi ya mleme wa Axhosa uja. Mwamuna wosabereka timamutcha gojo, kapena timanong'onezana kuti anagwa mumpapaya, ndipo chifukwa choopa dzinali amuna ambiri amakana kukayezetsa kuchipatala, n'kusiya mkazi asenze yekha mlandu wa kusowa mwana, kapena kulola kuti m'nyumba mulowe fisi mwakabisira. Mwamuna amene amaphika mkazi wake akadwala, kapena kubereka mwana kumbuyo popita kusikelo, anzake a pabawo amati anamudyetsa khuzumule. Liwu loti wosavinidwa limatha kukankhira mnyamata kudambwe kapena kundagala mtima wake usakufuna. Ngakhale liwu loti mkamwini, limene palokha si chipongwe, m'madera a chikamwini limanenedwa nthawi zina ndi kamvekedwe kokumbutsa munthu kuti mudzi si wake, ana si ake, ndipo tsiku lina akhoza kupatsidwa bulangete lake kuti aziona msewu. Anthu ena amati n'chifukwa chake akamwini ena safuna kumanga nyumba ya malata kapena kudzala mitengo pamudzi pa mkazi. Mawu onsewa sanabwere ndi mabungwe akunja, ndipo ambiri mwa iwo amatuluka m'kamwa mwa amuna anzathu.

Abambo ena amadandaula kuti malamulo a dziko lino amalanga munthu wonyoza ulemu wa mayi koma alibe ndime yofanana nayo yoteteza bambo, ndipo akufuna kuti mawu onyoza amuna aletsedwe ndi lamulo. Dandaulo lawo lili ndi mfundo, koma si lonse loona. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la m'chaka cha 2006 silisankha mwamuna kapena mkazi, ndipo limawerengera nkhanza za m'maganizo, kuphatikizapo kuzunza mnzako ndi mawu, moti bambo wonyozedwa tsiku ndi tsiku m'nyumba mwake ali ndi ufulu wopita ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Chimene chimamuletsa kupitako si kusowa kwa ndime ya lamulo, koma kuopa kuti amene akamupeze pa benchi akamufunsa kuti ndi mwamuna wanji womenyedwa ndi mkazi. Pamenepa ndikugwirizana ndi oweruza a ku South Africa kuti boma lisamalowerere pa liwu lililonse lopweteka mtima, pakuti dziko lathu lino, limene linakhalapo ndi lamulo loyeza kutalika kwa siketi ya mayi ndi tsitsi la bambo, likudziwa kumene njira yotere imathera.

Pa funso loti mawu a Chingerezi aja akuti "toxic masculinity" asinthidwe kapena ayi, ine ndikuona kuti m'Chichewa angosiyidwa, osati pofuna kusangalatsa amuna, koma chifukwa satchula mlandu uliwonse umene mfumu kapena woweruza angazenge. Chinenero chathu chili kale ndi mawu olunjika: kumenya, kugwiririra, kulanda katundu wa mayi wamasiye, kukwatira mwana, kusasa fumbi, kulowa kufa. Mu 2016, pamene bambo wina wa ku Nsanje anaulula kwa atolankhani akunja kuti ankalipidwa kugwira ntchito ya ufisi, chimene chinamufikitsa kukhoti si dzina lotchulira amuna onse, koma mchitidwe wotchulidwa ndi dzina lake, pansi pa lamulo la m'chaka cha 2013 loletsa miyambo yovulaza, ndipo anagamulidwa zaka 2 m'ndende. Ambiri anati chilangocho chinachepa, ndipo nanenso ndimaona choncho, koma mlandu unalipo woti n'kuuloza.

Sindikunena kuti amayi azilankhula mofatsa kuti amuna asakhumudwe, chifukwa mayi amene waika m'manda mwana wake wophedwa ndi chibwenzi sangauzidwe mawu oti asankhe. Ndikunena za mabungwe, mawayilesi ndi mipingo, amene ali ndi nthawi yokhala pansi ndi kuganiza asanasindikize chikwangwani. Iwowa akanatenga kwa a ku South Africa kulimba mtima kotchula imfa kuti imfa, ndipo kwa a ku Zambia akanatenga chizolowezi chopita kwa anankungwi, ankhoswe ndi atsabwalo, kumene miyambi ija imaphunzitsidwa. Ntchito yovuta kwambiri ili pa liwu ngati gojo, chifukwa palibe msonkhano wa m'hotela umene unalikambapo mokwanira, ndipo Chichewa chilibe liwu lina lalifupi, laulemu, lotchulira bambo amene akufunika thandizo la dokotala kuti abereke. Anamwino amangoti "bambo amene ali ndi vuto la kubereka", ndipo mawu aatali chotero safika pabawo.