Tisamangonyoza asodzi bonya ali m'mbale mwathu

Anthu a m'tauni timakonda kunena kuti asodzi akumaliza nyanja. Ndakhala ndikuzimva pa wailesi, m'minibasi, ngakhale pa maliro. Loweruka lapitali ndinazimvanso kwa mnzanga wakalekale amene tinkakhala naye desiki imodzi ku sekondale. Pano ali ku Joni, anabwera kudzaona makolo, ndiye anandikoka kuti tikazungulire midzi ya asodzi cha ku Monkey Bay. Akuti m'maloji anatopamo. Tinayambira ku Msaka m'mamawa, n'kukathera ku Chembe dzuwa litapendeka.

Ku Msaka tinapeza maboti akufika kumene kuchokera ku kauni, usodzi wa usiku wa nyale. Usiku wonse siginala amakhala m'bwato ndi nyale, usipa n'kusonkhana pa kuwalako, alovi, anyamata ogwira ntchito m'boti, n'kuzungulira ndi khoka la chilimira kenaka n'kukoka ndi manja. Anyamatawo anatsika maso ali psuu, zikhatho zitang'ambika ndi zingwe. Nsomba ikagulitsidwa, amayamba achotsa ya petulo, mwini boti n'kutenga gawo lake, chotsalacho ndiye agawane gulu lonse. Mwezi ukawala kwambiri usipa sulabadira nyale. Mwera ukaomba mu June ndi July, boti limatha masiku lili pamchenga, koma ana kunyumba akudya tsiku lililonse.

Kumtunda kwake kuli mathandala ataliatali, amayi akuyanika, ena akufutsa usipa m'madzi otentha, ena akukazinga. Fungo lake limakutsatira mpaka m'galimoto.

Apa ndi pamene mnzanga uja anaona neti ya udzudzu itasokereredwa pakati pa khoka. "Aise, waona? Za malungo zija ndi izi." Anayankhula mokweza, ndipo bambo wina wachikulire amene amasoka ukonde chapafupi anamva. Sanakwiye. Anangoti, "Achimwene, bonya ameneyu mukuganiza kuti timadya tokha? Mawa mukam'peza ku Limbe ndi ku Lilongwe, mukagulanso."

Ine ndili mbali ya bambo aja, ngakhale netiyo sindikuikhululukira. Imakokolola tiana ta nsomba tisanaswane, zimenezo n'zoona. Koma bonya ali ndi msika chifukwa nyama, nkhuku ndi chambo anthu wamba sitingazikwanitse. Chambo chenichenicho chinasanduka ndiwo ya alendo. Ndiye munthu wadya bonya ndi nsima masana, madzulo ali pa Facebook kutukwana asodzi kuti ndi osaphunzira. Ayi ndithu, pamenepo pali chinyengo.

Zoti asodzi samva malamulo n'zabodzanso. Ku Salima kuli chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi kumeneko nyengo ya mvula, cha mu December mpaka April, ndipo pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Wophwanya lamulo amathamangitsidwa, asodzi anzake akuvomereza. Chifukwa chake n'chakuti potsegula amaona okha utaka wonenepa, phindu la kudikira kuja likulowa m'thumba mwawo. Yerekezani ndi kutseka kwa boma koyambira mu November, nthawi imene chambo chimaswana. Wamakoka amauzidwa kuti asiye, koma palibe amene amamuuza kuti miyezi imeneyo adya chiyani, pomwe maboti akuluakulu amawaona ndi maso ake akukokera kufupi ndi gombe.

Ku Chembe tinangodutsa mwachangu, kutentha kunali kosasewera. Mudziwu wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna. Azungu amalipira kuti akasambire n'kuona tinsomba ta mitundumitunduti ku chilumba cha Thumbi, pomwe msodzi saloledwa kuponya ukonde m'kati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo. Lamulolo ndi labwino. Funso langa ndi lakuti ndalama za pageti ndi za m'maloji zimafika zingati kwa mlovi amene wasiya malowo.

Mnzanga sanagonje, akuti boma lingolanda maneti onse n'kuwotcha. Chabwino, liwotche. Koma liyambire kwa amene amaitanitsa maukonde oletsedwa kuchokera kunja n'kumagulitsa m'masitolo masanasana, kenaka lifike kwa mavenda odzaza malole ndi bonya. Mlovi wa ku Msaka ndi womalizira pa mndandanda umenewo, ndipo ndi yekhayo amene amagwidwa.