Ana athu a m'mayunivesite, tcherani khutu kuno

Ine ndine gogo wa kuno ku Kapata, ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume, ndipo lero sindikuseka ndi munthu. Ndikulankhula ndi inu amene tinakuperekezani ku basi m'mbandakucha, kathumba ka ufa ndi nsawa m'manja, kuti mupite ku yunivesite ya UNZA ku Lusaka, ku CBU ku Kitwe, ku Mulungushi ku Kabwe, ndi inunso a m'makoleji a konkuno ku Chipata.

Mwezi watha mdzukulu wa mchemwali wanga anatsika basi yochokera ku Lusaka ataonda ngati bango, maso ali psuu. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, yonse ikugwedezeka mpaka kutayikira pa mphasa. Tinati ndi malungo. Kuchipatala anamuyeza, malungo mulibe. Madzulo ake ndiye anaulula. Miyezi itatu buku sanalitsegule. Mayeso atatsala sabata imodzi anayamba kuchezera usiku wonse, mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asaodzere, zitini za zakumwa zothamangitsa tulo zili mbwee pansi pa bedi. Tsiku la pepala loyamba analemba dzina lake ndi nambala, kenako mutu unangoti zii. Anakhala maola atatu akuyang'ana khoma.

Ndikufunseni, kodi munaona mlimi wa ku Katete kapena ku Chadiza akupalira munda dzulo lake la kukolola? Mbewu imagwa ndi mvula yoyamba ya Novembala, kupalira kumatsatira, feteleza pa nthawi yake. Ndi mabuku n'chimodzimodzi. Zimene mwamva m'kalasi m'mawa, ziwerengeninso tsiku lomwelo, ngakhale ola limodzi. Mukatero tsekani kope, mulembe pa pepala zimene mukukumbukira, muone pamene pabooka. Kumangoyendetsa maso pa manotsi uku foni ikulira WhatsApp pambali si kuwerenga ayi, n'kudzinamiza. Funani mapepala a mayeso akale, khalani atatu kapena anayi, wina afotokozere anzake ngati mphunzitsi. Amene walephera kufotokoza ndiye kuti sanamve. Ndipo ma CA aja mumawapeputsa, timayeso ting'onoting'ono ndi ma assignment, ndiwo amakunyamulani pepala lalikulu likavuta.

Za tulo ndinene mobwereza. Munthu wamkulu afunika maola 7 kapena kuposapo, ndipo ndi m'tulo m'mene ubongo umasunga zimene waphunzira masana. Mukaumana tulo muli ngati munthu wothira chimanga m'nkhokwe yopanda pansi. Khofi kapena chitini chimene mwamwa madzulo chimakhalabe m'magazi pakati pa usiku, n'chifukwa chake mumangogubuduka pa bedi mtima ukugunda ngati ng'oma ya Gule. Za mapiritsi monga tramadol ndi mankhwala a chifuwa amene ena akumwa ngati thobwa, amenewo ndi manda okumba wekha.

Tsono ndalama. Apa ndiye pamandiwawa. Boma linachotsa ndalama ya chakudya ya ophunzira mu 2019, munalira dziko lonse linamva, inabwezedwa mu 2023. Lero ndalama imeneyi, imene mumaitcha BC, ikangolowa, ena mumathamangira kubetcha mpira ndi kandege kaja kouluka pa foni. Masiku atatu yatha. Kenako ndi uthenga kwa amayi: "Nditumizireniko pa Airtel Money, zavuta." Amayi akewo anagulitsa matumba a chimanga ndi soya, ena mpaka mbuzi ya pakhomo, iwo n'kumadya nsima ya chigwada. Mulibe manyazi? Musaiwalenso kuti zambiri za ku HELSB, bungwe la boma lopereka ndalama za maphunziro, ndi ngongole. Mudzabweza ndithu, digiri mwaipeza kapena ayi.

Mwana wa njala sawerenga. Ndalama ikabwera yambani mwagula ufa, nyemba, kapenta, mafuta ndi sopo, zotsalazo ndiye muziganizira zina. Mabanzi ndi zakumwa zotsekemera si chakudya cha munthu wofuna kukhala dokotala. Madzi akumwa wiritsani kapena thirani klorini, inu a m'maboding'i a ku Kalingalinga ku Lusaka makamaka. Mwaiwala kale kolera ya 2024, pamene bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa? China ndi mbaula. Malaiti akapita m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, mumalowetsa makala m'chipinda, zitseko ndi mawindo tseke, eti muwerenge mofunda. Mpweya wa makala sununkha, suoneka, umangokugonetsa osadzukanso. Mbaula izikhala panja.

Mnyamata uja anandiuza kuti mantha anamugwira kalekale, atalephera kayeso koyamba, koma anaopa kuti anzake amuseka. Anadzitsekera m'chipinda osauza munthu. Safunsa anadya phula. Aphunzitsi anu ali ndi maofesi, gogodani. Alangizi a ophunzira alipo, abusa ndi ansembe aliponso. Ukaona mnzako wasiya kusamba, sakudya, sakutuluka, kapena akulankhula zoti moyo watopa nawo, usamuseke, usamusiye yekha. Mutengere kwa alangizi kapena ku kiliniki tsiku lomwelo, uimbirenso abale ake.

Nanunso makolo anzanga, foni isamangokhala ya "wakhoza bwanji?" Muzifunsako ngati wadya, ngati akugona. Wathuyu abwereza kosi ziwiri chaka chamawa. Pakali pano ali kumunda ku Chiparamba ndi amalume ake, akukumba nsawa, ndipo ikangokwana 21 koloko foni amapereka kwa ine.