Kabokosi ka strike zone ndinakazimitsa, ndipo sindikufuna kukayatsanso

Loweruka lapitali tinakangana kunyumba kwanga ku Area 25. Mnzanga wa ku Kawale anabwera kudzacheza, anatenga padi, n'kuyamba kusewera MLB The Show, gemu ya baseball. Mipira itatu yokha itadutsa anaimitsa gemu. "Aise, kabokosi kali kuti? Umenya bwanji osaona malire?" Amanena kabokosi kamene gemu imajambula pa kanema kosonyeza malire a strike zone. Ndinamuuza kuti ndinakazimitsa dala miyezi ingapo yapitayo. Sanamvetse, mpaka pamene ndimamuperekeza kokwera minibasi tinali tikadatsutsana. Ndiye ndati ndilembe pano, poti alipo ena ochepa mu Lilongwe muno amene timasewera gemu imeneyi anzathu onse ali pa FIFA.

Kwa amene baseball simuidziwa, nkhani yake ili motere. Woponya amaima mamita 18.44 kuchokera pa home plate, kachimbale koyera kokhala pansi patsogolo pa womenya. Pamwamba pa kachimbaleko pali danga losaoneka lotchedwa strike zone. Mulifupi mwake ndi mainchesi 17, pafupifupi masentimita 43. M'mwamba limalekezera pakati pa mapewa ndi lamba wa womenya, m'munsi limalekezera kunsi kwa bondo. Mpira ukadutsa m'dangamo iwe osamenya, ndi strike, zikakwana zitatu watuluka. Ukadutsa kunja iwe n'kuusiya, ndi ball, zikakwana zinayi umapita pa base yoyamba osavutika. Masewera onse agona pa danga limeneli, koma pabwalo palibe chingwe kapena laimu wolilemba. Lili m'maso mwa umpire, woyimbira amene waima kumbuyo kwa wowakha, ndi m'mutu mwa womenya.

Kabokosi timakaona pa kanema kaja kanabwera dzulodzuloli. Kanema wa zamasewera wa ku America, ESPN, anayambitsa kabokosi kotchedwa K-Zone mu 2001, pomwe baseball inali itaseweredwa kale zaka zoposa 100 popanda chinthu chotero. Anakapangira ife oonera tili pampando, kuti tizitsatira zimene zikuchitika. Womenya wotchuka Aaron Judge akaima pa bwalo la Yankee Stadium ku New York saona kabokosi. Katswiri mnzake Shohei Ohtani naye saona kabokosi. Amaona dzanja la woponya, ndi mpira wothamanga makilomita oposa 150 pa ola umene umawafika theka la sekondi lisanathe. Nanga ine ndikatenga padi n'kunena kuti ndine womenya, ndizionanso bwanji zinthu zimene womenya weniweni saziona?

Gemu imeneyi ndinaidziwira kwa msuweni wanga amene anaphunzira ku America. Anandisiyira PS4 yake, ndipo mpaka lero ndimasewera The Show 24, ya Vladimir Guerrero Jr. pachikuto ija, chifukwa ya 2025 sinatuluke pa PS4. Chaka chonse choyamba ndinkasewera zonse zili zoyatsa: kabokosi, mitundu yofiira ndi yabuluu yosonyeza pamene womenya ali wamphamvu kapena wofooka, ndi PCI, kachizindikiro kosuntha ndi chala kosonyeza pamene ndodo igunde. Gemuyi ili ndi milingo ya kuvuta, ndipo pa mlingo wa Veteran ndinkawina bwinobwino. Nditakweza kufika pa All-Star zinthu zinaima. Slider iliyonse, mpira wokhota wothawira kunja, ndinkaithamangira. Curveball, mpira wokhota wogwera pansi, ndinkaimenya m'malere. Ndinkaganiza kuti vuto ndi zala zochedwa, kapena TV yanga.

Vuto linali maso. Ndinazindikira usiku wina nditaonera kubwereza kwa ma strikeout anga, nthawi zimene ndinatuluka ndi ma strike atatu, motsatizana. Nthawi yonse ndinkayang'ana pa kabokosi, kudikira kuti mpira ufikepo ndione ngati walowa. Koma mpira ukafika pa kabokosi nkhani yatha kale. Chiganizo chomenya kapena chosiya chimapangidwa mpira ukadali kutali, ungotuluka kumene m'dzanja. Pamenepo m'pamene umaona ngati watuluka mowongoka ngati fastball, kapena wayamba wadumphira m'mwamba pang'ono ngati curveball. Kabokosi kanali kukokera maso anga pamalo olakwika, ngati munthu wowoloka msewu wa M1 akuyang'ana kumapazi kwake m'malo moyang'ana kumene galimoto ikuchokera.

Sabata ziwiri zoyamba nditakazimitsa zinali zowawa. Ndinkaima osamenya mipira yodutsa pakati penipeni, kenako n'kumenya ina yopita m'fumbi. Mu Road to the Show, gawo la gemu limene umakulitsa wosewera wako mmodzi, wosewera wanga anatsika kwambiri, ndipo kangapo chala chinapita pa settings kuti ndibweze zakale. Koma pang'onopang'ono ndinayamba kupeza zizindikiro zimene zinalipo nthawi yonseyi: m'mphepete mwa home plate, mawondo a womenya wanga, lamba wake, pamene wowakha wakhazika golovesi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene ndinasiya slider ya 3-2 (ma ball atatu ndi ma strike awiri) yodutsa kunja pang'ono chabe, umpire osakweza dzanja, ndinamva kukoma kuposa home run iliyonse (mpira wodumpha mpanda wa bwalo) imene ndinamenyapo kabokosi kali koyatsa. Ndinaudziwa mpira umenewo ndekha. Palibe mzere umene unandiuza.

Amene munakhalapo pansi pa mtengo kuonera madala akusewera bawo mukudziwa chimene ndikunena. Katswiri sagwira nkhomo kuti aziwerenga imodziimodzi. Amangoyang'ana, mutu uli kuyenda maenje onse, kenako n'kutapa. Mutati mumupatse foni yomuwerengera kumene nkhomo zake zikagone, mwina angawine kawirikawiri, koma chimene chimapangitsa bawo kukhala bawo chachoka.

Pali chinanso chimene kabokosi kamabisa. Danga lija si lofanana kwa aliyense. Jose Altuve wa Houston Astros ndi wamtali masentimita 168, Judge ndi wa masentimita 201. Mpira umene uli strike ya m'mwamba kwa Judge, kwa Altuve ukudutsa pamwamba pa danga lake. Kabokosi kakayatsidwa gemu imakusinthira yokha, iwe osazindikira n'komwe kuti munthu wasintha. Kakazima umakakamizika kudziwa thupi la womenya aliyense pa timu yako, ndipo umayamba kumva kusiyana kwake akamalowa mmodzi pambuyo pa mnzake. Komanso kabokosi n'kafulati ngati zenera, pomwe lamulo limanena za danga lokhala ndi kuya, kuchokera kutsogolo kwa home plate mpaka kumbuyo. Curveball ikhoza kulowa kutsogolo ili m'kati n'kukafika kwa wowakha ili pansi.

Pa nkhani ya umpire ndi pamene ine ndi mnzanga uja tinasiyana kwambiri. Gemu imakulola kusankha umpire wosalakwitsa konse, kapena wolakwitsa mwa apo ndi apo ngati munthu. Ine ndinasankha wachiwiriyu. Mnzanga akuti n'kupusa kudzisankhira wekha kuberedwa. Ndikumumvetsa, tonse tinatulukapo pa Bingu Stadium mtima uli kuwawa chifukwa cha wezulo ya woyimbira. Koma mu baseball kulakwitsa kwa umpire kumabala luso lina. Wowakha wabwino amadziwa kulandira mpira wa m'mphepete mofewa, golovesi osagwedezeka, kuti uoneke ngati strike. Matimu a MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, amawerengera luso limeneli posankha wowakha. Womenya naye akakhala ndi ma strike awiri sangasiye mpira wa pafupi ndi malire, amaugunda ngakhale upite kunja kwa mizere ya bwalo kuti apeze mwayi wina. Ukakhala ndi umpire wangwiro ndi kabokosi pamodzi, zonsezi zimafa. Umangoima ngati kalaliki woyang'ana ngati fomu yadzazidwa bwino. Ndiponso kabokosi ndi umpire wolakwitsa sizikhalira limodzi: uona mpira uli kunja kwa mzere, iye akuti strike, ndiye upsa mtima chabe. Kakazima umangoti, lero bamboyu akupereka ya kunja, ndisinthe kamenyedwe.

Mnzangayo anabweretsa mfundo yabwino, sindikana. Anati MLB yeniyeniyo ikupita ku makina, ndiye zenizeni ndikunenazo ndi ziti? N'zoona. Ligi ya ku South Korea, KBO, inapereka ma ball ndi ma strike onse kwa makina mu 2024. MLB inayesa dongosolo la makina oyeza ma ball ndi ma strike lotchedwa ABS pa masewera okonzekera a 2025 ndi pa All-Star Game, masewera a akatswiri osankhidwa, a chaka chomwecho, kenako inavomereza kuti liyambe mu 2026. Koma taonani mmene analikonzera. Umpire akuitanabe mpira uliwonse ndi maso ake. Timu iliyonse ili ndi mwayi wotsutsa chigamulo cha umpire kawiri, ndipo ikapezeka kuti inalondola mwayiwo suchotsedwa. Wololedwa kutsutsa ndi womenya, woponya kapena wowakha basi, pogwira chipewa chake nthawi yomweyo, osafunsa kwa kochi. Ndiye kuti womenya akuyenera kulidziwa danga lake m'mutu kuposa kale, chifukwa akalakwitsa watayira timu yonse mwayi. Makamera a Hawk-Eye amaonetsa chithunzi mpira utadutsa kale, osati usanaponyedwe. Ngakhale makina atabwera, palibe amene anamujambulira womenya kabokosi m'malere.

Umu ndi mmene ndinakonzera yanga. Kabokosi n'kozima, mitundu ya malo amphamvu ndi ofooka n'njozima. PCI ndinaisiya koma ndinachotsa mizere yake yakunja n'kuipepusa kuti izingooneka pang'ono, chifukwa munthu weniweni amamva m'manja pamene ndodo yake ili, ine ndili ndi padi sindingamve. Apa ndiye ndinavomera kuti gemu ndi gemu. Chimene ndinasiya choyatsa mwadala ndi chithunzi chobwera mpira utadutsa, chosonyeza pamene unadutsira. Chimenecho ndiye mphunzitsi wanga. Ndimayamba ndanena mumtima kuti uyu ndi ball, kenako chithunzi chimandiuza ngati ndinalondola, ngati mmene osewera enieni amaonera mavidiyo awo akabwerera pa benchi. Poponya ndimagwiritsa kamera ya kumbuyo kwa woponya, yofanana ndi ya pa TV, ndipo ndimalunjika pa golovesi ya wowakha.

Sindikunena kuti aliyense ayambe chonchi. Mphwanga wa folomu 2 ndikamamuphunzitsa ndimamuyatsira kabokosi, chifukwa munthu amene sanaonepo baseball chibadwire sangalote malire amene sanawaonepo. Kuno tilibe bwalo loti upite ukaone ndi maso, ndipo masewera a ku New York oyamba 7 koloko madzulo kuno amakhala 1 koloko usiku, bandulo nayo sichedwa kutha. Kwa ambiri a ife gemu imeneyi ndiyo sukulu yokhayo ya baseball. N'chifukwa chake nkhaniyi imandikhudza chonchi. Ngati sukulu yokhayo ikutiphunzitsa kuyang'ana mzere m'malo moyang'ana dzanja la woponya, tidzasewera zaka zambiri osalawa chimene chimapangitsa anthu a ku Dominican Republic, Japan ndi Venezuela kukonda masewerawa mpaka kufa nawo. Amene mumapikisana pa intaneti mu Diamond Dynasty, komwe aliyense akufuna kuwina basi, chitani zimene zikukuthandizani, sindikuweruzani. Ine ndikunena za nthawi imene uli wekha kapena ndi mnzako pampando umodzi, magetsi alipo, mukufuna kumva ngati muli pabwalo.

Mnzanga wa ku Kawale uja wanditumizira uthenga pa WhatsApp m'mawa uno. Akuti abweranso Loweruka, tidzasewere ma inning 9 athunthu, zigawo zonse za masewera, iye Dodgers ine Yankees, kabokosi kozima kwa tonse awiri. Wapempha chinthu chimodzi chokha, kuti umpire akhale wosalakwitsa uja. Ndamuyankha kuti ma inning atatu oyamba ndamulola, otsalawo tibwerera kwa umpire wanga.